Chala M'guluu

Lachinayi, mvula itakata ku Paracho,
utuchi wonyowa ukununkha msewu wonse,
analowa Nemesio, woimba m'mabasi a ku Uruapan,
atafukata gitala ngati mwana wodwala.
Khosi linali litapindika,
mlatho wogwira nsambo utayamba kuyasamula.

"Ndinagula mapeso mazana asanu ndi anayi,
yatsopano, m'katoni, chikwama chaulere.
Inawoloka nyanja. Ichizeni."

Bambo anga, a Evaristo, sanaikhudze n'komwe.
Anangoloza ndi chibwano ija ya pakhoma
imene anasema milungu isanu ndi iwiri.
"Gogoda apa. Wamva? Thabwa lenileni limayankha.
Yakoyo ndi timatabwa titatu tomatikiza,
aipaka vanishi wokhuthala ngati phula
kuti manyazi asaoneke.
Nsambo zanga zimagona pa fupa la ng'ombe, osati pulasitiki.
M'kati muli nthiti zisanu ndi ziwiri,
zoyalidwa ngati mchira wa nkhunda.
Polishi ndinapaka ndi kansalu
mpaka phewa linandidandaulira."

"Mtengo?"
"Zikwi khumi ndi ziwiri."

Nemesio anaseka kuseka kwa munthu wopondedwa chala.
"M'basi, bambo, wotsogolera nyimbo ndi injini.
Ndani angamve mkungudza wanu
pakati pa mabuleki ndi makanda olira?
Iyi ikasweka pa bampu ndilira sabata imodzi.
Yanu itasweka ndingalire mpaka kumanda."

Ine Yunuen, wosunga buku la maoda,
ndimadziwa zimene bambo satchula.
Nkhope ya gitala yawo inamera ku Canada,
makiyi okungira nsambo anachokera ku Korea,
nsambo zimene zili ndi chidindo cha kutsidya.
Chakwathu n'chiti tsono?
Thabwa la kumsana, la m'mapiri athu omwewa,
mpeni wopindika umene anasiya agogo,
ndi chifuwa chawo chotsokomola fumbi.

Usiku ndinamasula nsambo za yobwerayo,
ndinalowetsa kagalasi ndi tochi m'kamwa mwake.
Guluu anali atadontha paliponse, n'zoona,
nthiti ina yosasalaza, yokanda dzanja.
Koma pakona, pomwe diso la kapitawo silifika,
panali chidindo cha chala m'guluu wouma,
chaching'ono,
ndi kalemba ka pensulo kamene sindidziwa kuwerenga.
Dzina? Nambala ya shifiti?
Kapena kungoti: ndatopa.

Ndinagunditsa chala changa pamenepo.
Changa chinakula.

M'mawa ndinaonetsa bambo.
Anasuzumira nthawi yaitali, magalasi ali pansonga ya mphuno,
khofi wawo akuzizira pa benchi.
"Ankamuthamangitsa," anatero.
"Dzanjali si loipa. Anamumana nthawi."
Anatola kafupa kotsala, nakapala pang'onopang'ono,
anazula kapulasitiki kaja,
namata mlatho ndi guluu wawo wachikopa
amene amamutenthetsa m'kachitini
ndipo samupereka kwa gitala wamba.
Sanandiyankhulenso mpaka masana.

Loweruka Nemesio anaiyesa pakhomo.
Sinasanduke ija ya pakhoma, ayi.
Mawu apansi anali osaya ndithu,
otha msanga ngati madzi pamchenga.
Koma inaleka kunjenjemera akakanikiza pakati pa khosi,
ndipo iye anabwereza pomwepo katatu, osakhulupirira.
Analipira mazana awiri,
zachitsulo zokhazokha, zofunda ndi thumba,
ndinaziwerenga mpaka zala zinada.

Potuluka, akuyesa kuti sitikumuona,
anagogoda ya pakhoma kamodzi,
naima chilili, khutu lili tcheru,
mpaka kulira kwake kutazimiratu.
Kenaka hutala, liwiro, basi ya ku Uruapan.

Ya bambo ikadali pamsomali.
Ndimaipukuta fumbi Lolemba lililonse.
Dzulo ndinalowetsamo kagalasi kaja:
mwayera mbee, mulibe dontho, mulibe chala,
koma dzina lawo pakapepala,
ndi chaka chimene chikunka chitalikira.