Masekondi Khumi ndi Anayi

Ku Lilongwe, komwe ndinaphunzira ntchitoyi,
a Kalilangwe ankandiimika pa loboti, wotchi ili m'manja.
Werenga, ankatero. Nyali yofiira ili ndi masekondi ake,
yachikasu ili ndi ake, afupi ngati mpweya umodzi.
Sailini ndi pempho chabe, Jafali.
Ukafika pofiira ima, uwayang'ane m'maso onsewo,
akakupatsa njira ndiye upite.

Ndinabwera ku Salima chiwerengero chija chili m'mutu
koma pa mphambano yathuyi palibe nyali yoti ndiwerengere.
Loboti wanga ndi mwendo wa wakabaza ukatsika pa pedulo,
khosi la mbuzi likaloza uku,
mayi wa lichero la mango akacheuka
kapena akapanda kucheuka.

Lachinayi lija foni inalira masana,
dzuwa la Okutobala likufewetsa phula.
Golosale ya mai Nachisale ikuyaka, njira ya ku Senga Bay.
Thanki inali theka,
mipopi inali itauma chiyambire Lolemba.
Amene sanayendetsepo madzi sadziwa izi:
thanki yodzaza imagona, ya theka imadzuka.
Ukaponda buleki madzi amakugunda kumsana,
ukakhota iwo amafuna kupitirira okha
ndipo amatenga galimoto yonse.

Ndinamuona tili patali ndithu.
Mnyamata wa kabaza, zingwe za nyimbo m'makutu,
kumbuyo atanyamula kamtsikana ka yunifolomu yobiriwira
katakumbatira chikwama ngati mwana.
Sanamve sailini. Analowa.
Kumbuyo kwake ngolo ya abulu, nayo inalowa.

Lufeyo anamenya dashibodi: pita, amwene, pita, apatuka okha!
Ine ndinayamba kuponda pang'onopang'ono,
kunyengerera madzi kuti asandikankhe,
mpaka tinaima.
Wani, thuu, fili, mawu a Kalilangwe ali m'kamwa mwanga.
Utsi unkaoneka kuseri kwa mitengo, wakuda bii.
Pa khumi ndi anayi gudumu la ngolo linachoka pa phula.

Kuno kamera sakhala pa mtengo wachitsulo.
Amakhala m'thumba mwa mnyamata wogulitsa mayunitsi.
Anatijambula titaima, nyali zikuzungulira pamwamba,
wakabaza uja atatuluka kale m'chithunzi.
Pofika madzulo kanema anali atafika ku Chipoka,
ku Khombedza, mpaka pa foni ya mlamu wanga ku Joni:
Onani ozimitsa moto akupuma, golosale ikupsa.
Kwina akuti amajambula wodutsa pofiira.
Ine anandijambula chifukwa choima.

Tinapeza denga litagwa kale.
Tinapulumutsa telala wa pambali ndi makina ake awiri,
madzi n'kutha.
Mwala wina unang'amba galasi la kumanzere,
Lufeyo akadali ndi chipsera pa chikope.
Mai Nachisale anakhala pa kireti yopindika ndi moto,
shuga wopserera akununkha ponseponse.
Sanatukwane. Anangofunsa, munadzera kuti?
Ndikanati chiyani?
Masekondi khumi ndi anayi sakanabweza denga,
ndimadziuza choncho, ndipo masiku ena ndimakhulupirira.

M'buku la ntchito muli mizere ya nthawi yonyamuka
ndi nthawi yofika.
Mzere wa amene sitinawaponde mulibe.
Ndinalemba manambala, ndinasaina,
abwana anayang'ana foni yawo, kenako ine, osanena kanthu.

Loweruka ndinapita ku msika wapansi, nditavala zanga.
Pafupi ndi njanji wina anaima n'kuliza belu.
Ndinazindikira zingwe zija, ndi mpando wa nsalu yofiira.
Anachotsa chingwe chimodzi m'khutu,
anapukuta mpando ndi chikhatho:
Tiyeni bwana, dzuwa ili, muyenda bwanji wapansi?
Ndinakwera.
Pa mphambano ndinamugwira phewa, ndinati, tayang'ana kaye.
Anaseka, nati, bwana musaope,
ine pano ndimadutsa tsiku lililonse.