Foni Nayo Iziweruka

Ku maphunziro aja, ku Boma,
mnyamata wa tayi yofiira anatiuza kuti
intaneti ndi ngolo:
mungokweza katundu, inu n'kumayenda manja ali m'thumba.
Tinawomba m'manja, tinasayinira ndalama ya nkhomaliro,
ndinabwerera ku Mkanda pa njinga yamoto
nditafukata laputopu ngati mwana wodwala.

Sanatiuze kuti ngolo imafuna ng'ombe
ndipo ng'ombeyo ndine.

Folomu 3 yanga ili ndi ana zana limodzi ndi khumi ndi anayi.
Ndinawatsegulira gulu pa foni.
Sabata yoyamba ndinkayenda mothimbwidzika:
Fatsani, yemwe m'kalasi sakweza mkono ngakhale umunyengerere,
analemba kufunsa chimene chimachititsa chikasu masamba a soya.
Pofika sabata yachitatu
foni inkalira ngati anapiye otayana ndi make.
Zithunzi za makope, zojambulidwa ndi tochi yotha batire,
chala chachikulu chitaphimba yankho.
Madamu mwaona?
Madamu simunandiyankhe.
Madamu muli maso?
Bambo wina, pa nambala ya mwana wake,
kufunsa ngati ndamva mtengo wa mtedza ku Kamwendo.

Netiweki yakuno ili ndi miyendo.
Masana imakhala pa chulu, kuseri kwa ofesi,
usiku imadumpha malire,
foni n'kundilandira ku Zambia
ine ndili pa mphasa yanga yomwe.
Bandulo ya mwezi inatha pa 11.
Ndinkachonga kawiri:
masana ndi cholembera chofiira,
usiku ndi chala, pa galasi long'aluka,
maso akuyabwa ngati ndasenda anyezi.

Ndiye tsiku lina Zione,
wanga weniweni, wa Sitandade 2,
anaima pambali panga ndi kope lake la masamu.
Amama, mundilowetseko m'gulu lanulo,
mwina muzindiyankha.

Lolemba ndinatenga choko,
choko wamba, chotuwitsa siketi,
ndinalemba pamwamba pa bolodi:
FONI IMAWERUKA 5 KOLOKO.
Anaseka. Sindinafufute.

Mwa mapulogalamu asanu ndi atatu ndinasunga awiri.
Lachisanu, mafunso khumi odzichonga okha;
ine ndimangosuzumira funso limene lagwetsa ambiri,
ndilo phunziro la Lolemba.
Kanema mmodzi wa mtima ukupopa magazi
ndinamutsitsa ndili pa mzere wa ku banki,
wazungulira makalasi atatu, sanatope,
chaka chamawa adzapopabe.
Funso lisanafike kwa ine limadutsa kaye kwa anzawo,
ndipo Khumbize, mtsikana wa mawu ngati belu,
amafotokoza za impso bwino kuposa buku.
Opanda foni, makumi anayi ndi asanu ndi awiri,
ndikuwadziwa mayina ndi midzi yawo,
amapeza mafunso omwewo pa pepala
lomatidwa pa chitseko ndi phala la chinangwa.

A hedi, a Gwaza, akuti changu chija chazilala.
Mwina.
Fomu ya ku Boma ikufuna ndilembe
maola amene ndakhala pa intaneti,
ilibe mzere wolembapo maola amene ndagona.
Fatsani amafunsabe,
koma dzulo anafunsa m'kalasi, ndi pakamwa,
mawu akunjenjemera ngati lata pa mphepo.

Madzulo foni imagona m'kabati, pansi pa nsalu ya pa tebulo.
Sindinama, ikanthunthumira dzanja limandiyabwa.
Ndimalisiya liyabwe.

Pano tili pa khonde, ine ndi Zione.
Zisanu ndi ziwiri kuphatikiza zisanu,
iye walemba 11.
Tikuwerenga ndi njere za mtedza.
Zakwanadi khumi ndi imodzi.
Ndamuyang'ana kukamwa: akutafuna.

Tiyambirenso, mwanawe.
Nthawi ilipo.