Chimbale Chokhala ndi Chifuwa

Wafunsa bwino, Esinati:
nyimbo ndi imodzimodzi, zimbale ndi ziwiri,
ugule chiti?
Khala pa kabenchi apo, usamale yunifomu yoyerayo,
fumbi la ku Kamwala silisankha munthu.
Malaiti abwera teni koloko,
tiye timvere asanasinthe maganizo.

Choyamba ndi ichi cha chikuto chabuluu.
Anachijambulira m'chipinda chotseka, mosalowa ngakhale ntchentche.
Mavayolini makumi atatu akulowa ngati munthu mmodzi,
malipenga akunyezimira ngati nsapato za loya wa mu Cairo Road.
Mkulu wogwedeza kamtengoyo ndi wa phuma,
kondakitala weniweni wa minibasi ya ku Chilenje
wosafuna kuti inzake imupitirire pa siteji.
Gawo lachiwiri, lija loyenera kuyenda ngati maliro,
iye walithamangitsa,
wafika kumanda anthu asanayambe kulira.
Cholakwika mulibe.
Ndachifunafuna zaka khumi ndi zinayi, sindinachipeze,
n'chifukwa chake chikadali pashelefu.

Chachiwiri ndi ichi, chikuto chinadyedwa ndi mphemvu.
Ndinachigula kwa mphunzitsi wina wa ku Kabulonga
tsiku limene ankapakira katundu,
pamodzi ndi ayironi ndi mipando iwiri.
Singano ikangotera umayamba wamva mvula,
mvula ya pa malata a ku Matero,
koma si mvula ayi, ndi ukalamba.
Wa lipenga lopindika uja akuterereka polowa,
pang'ono pokha, ngati phazi pa sitepe yonyowa.
Tsopano dikira. Tchera khutu.
Pamene ng'oma zaleka, chitoliro chatsala chokha
ngati mwana woiwalidwa pa Intercity,
munthu wina m'holomo akutsokomola.
Kawiri.
Kachitatu akuyesa kubisa m'kampango.

Munthu ameneyo anasanduka dothi kalekale.
Dzina lake sindilidziwa,
kaya anali ndi ngongole, kaya anabwera ndi mkazi wake,
koma Lachisanu lililonse amatsokomola m'shopu muno,
ndipo malemu Lozaliya, phazi lili pa makina osokera,
ankamuyankha osatukula mutu:
"Pepani bambo, imwani madzi."

Za opera usandifunse zambiri, namwino ndiwe.
Mayi wa m'chimbale chofiiracho
amafa mphindi khumi ndi ziwiri
ali ndi mpweya wokwana kupopa matayala a lole;
umachita kumva kuti nsalu ikatsekedwa akadya nkhuku.
Wa m'kaseti iyi mawu ake ndi ochepa,
akakwera pamwamba amang'ambika m'mphepete,
koma pakati pa liwu ndi liwu umamva akukoka mpweya,
ndipo iwe wogwira usiku ku UTH
ukudziwa kuti nkhani yonse imakhala pamenepo.
Chitaliyana sindichimva.
Sindinachisowepo.

Ukuti bambo ako khutu lakumanzere linatseka,
amangokhala pakhonde ku Libala
kuwerenga magalimoto, osalankhula ndi munthu.
Tenga cha mphemvuchi.
Chabuluu n'cha ofuna kudziwa mmene nyimbo inalembedwera,
ichi n'cha munthu wofuna wokhala naye.
Sipika uiike kudzanja lawo lamanja.
Za chifuwacho usawauze.
Iwe ungoyang'ana nsidze zawo chitoliro chikatsala chokha;
akacheuka kufuna amene watsokomola,
udziwe kuti mankhwala agwira.

Waona? Malaiti apita,
mbale yaima gawo lomaliza lisanafike.
Zilibe kanthu, mathero ake onse awiri amangopanga phokoso.

Ndalamazo bweza m'chikwama.
Sindikugulitsa, ndikubwereka.
Lachisanu likudzali ubwere nacho, usaiwale,
ngakhale utatopa, ngakhale kutagwa mvula,
pakuti ndikatsitsa chitseko madzulo
Kamwala yonse n'kukhala zii,
pamafunika wina woti atsokomole
kuti ine ndimuyankhe m'malo mwa Lozaliya.