Sanda ya Che Likwanya

Abiti Likwanya anafika ndisanatulutse makina
pakhonde la sitolo, kuseri kwa msika wa Mangochi,
mtolo pamutu, maso ali psuu.
"Bambo atisiya usiku wathawu.
Anati tidzawakulunge m'menemu."

Ndinamasula mfundo.
Fungo la sutikesi yachitsulo ndi mankhwala a njenjete.
Nsalu yofuwirira ngati mano a wosuta chingambwe,
misoko yonse kuthamangira pakati
ngati nthiti za ambulera,
zingwe ziwiri zikadali lende.

Ndani ku Mpondasi sanamve za nsaluyi?
Mkuluyo ankakhala pabenchi langa lomweli
kudikira chigamba cha buluku,
nambala yake ya Keyala akuitchula ngati duwa ya m'mawa.

"Ife sitinagwe kumwamba, mwanawe. Tinayenda.
Masabata atatu m'matope a ku Bama,
misundu ikutiyamwa m'kati mwa jombo,
zikwanje m'manja, kugwetsa nsungwi
kuti a mlengalenga apeze potera.
Bwalo lija tinalisesa ngati la mzikiti tsiku la Idi,
tinakoleza moto wa utsi patatu
n'kugona molizungulira, mfuti zitaloza kuthengo.

Ndege zitabwera, bowa anamera m'mitambo.
Koma utsi ulibe mwini, adani anauonanso.
Pamene aja ankatsika, miyendo lendelende,
ife pansi tinali mpanda wawo,
ndipo mpanda suthawa ukamalasidwa.
Saizi wa ku Namwera anagwa akuyang'ana kumwamba,
kukamwa yasa, ngati mwana woona kadamsana.
Mdoka wa ku Malindi sanamalize kutukwana.
M'mawa mwake kunabwera ojambula zithunzi,
anajambula otsika kumwamba.
Ife anatiuza tipinde nsalu."

Shehe Jafali anaima pamsewu, njinga m'manja.
"Mwamuna savala silika, ngakhale m'manda.
Komanso misoko yonseyi ndi ya chiyani pa sanda?"
Abiti sanayankhe. Anayang'ana ine.

Ndinasolola ulusi umodzi m'mphepete
n'kukhwatcha machesi.
Silika amanunkha tsitsi lopserera.
Uwu unayaka ngati pepala,
kaphulusa kotuwa kanagwera pachala changa.
"Thonje ili, Shehe."

Apo m'pamene ndinakumbukira kuseka kwa mkuluyo,
kuseka kothera m'chifuwa:
"Za silika zinanyamula anthu,
anaziwerenga, zinabwerera kwawo.
Yangayi inatsitsa thumba la mpunga
ndi bokosi la zipolopolo.
Katundu mnzanga ameneyu.
Palibe anamufunsa."

Makina sanalire tsiku limenelo.
Zaka makumi atatu ndikulumikiza nsalu,
koma ndinagwira lezala
kumasula msoko wa telala wina
wa kutsidya kwa madzi amchere.
Dzanja lake linali labwino, mnzangayo,
ulusi unkakana.
Wa yunifolomu ya mwana anabwerera.
Wa diresi la chinkhoswe anang'ung'udza, nabwerera.
Pomwe mwazini amaitana ya masana
zidutswa zitatu zinali pabenchi,
zotakata kumutu, zosongoka kumapazi.

Jeneza inadutsa m'mapewa a anthu,
wina kulandira, wina kusiyira mnzake.
Kunalibe lipenga. Boma silinamve.
Akabaza awiri anatsika panjinga, naima.

Kumanda anyamata anali atalambula kale,
makasu ali m'mbali, dothi lofiira lili mulu.
Amuna atatu analowa m'dzenje,
anakweza manja.
Ndinaona nsalu ija ikutsikanso,
pang'onopang'ono,
kamphepo ka ku Shire kakuikoka kumapazi,
ndipo ulendo uno munali munthu m'kati mwake,
ndipo pansi panali omulandira.

Abiti anabwera pa tsiku lachitatu ndi ndalama m'kansalu.
Ndinakana. Ndinapempha zingwe zija.
Chimodzi ndinamangira chiguduli chotchinga dzuwa pakhonde.
Chinacho chili m'kabati ya makina,
pamodzi ndi mabatani opanda malaya.