Wakutali Ayambe Msanga

Mafoni asanu ndawamanga ndi mphira pathabwa,
laputopu pamiyendo, zingwe zili lendelende,
a Dzimbiri aliza galimoto atambala a ku Area 25 asanatsokomole.
Pamaliro anthu akandifunsa ntchito
ndimati ndimayeza ngati foni imasunga nthawi.
Amaseka, nandionetsa wotchi pagalasi la foni zawo.
Si imeneyo.

Nsanja ija kuseri kwa Kanengo,
yofiira ndi yoyera, akhwangwala ali pamapewa,
imamvetsera mafoni mazanamazana pakamodzi,
ndipo iliyonse ili ndi kampata kake kolankhulira,
kakang'ono moti kuphethira ndi ulendo wautali.
Mawu akafika mochedwa aponda a mnzake.
Ndiye nsanja imanong'oneza foni iliyonse payokha:
iwe uli kutali, yambirako msanga,
iwe uli pamapazi anga, usapupulume.
Zonse zifike ngati zanyamukira pakhomo limodzi.

Tikutsetsereka kulowera ku Area 18
ndipo manambala akukwera pagalasi,
faifi, seveni, leveni,
tikamatalikira foni ikufulumiza pakamwa.
Koma yachinayi, ya chivundikiro chong'aluka,
yakakamira pa seveni.
Lamulo yalimva, yavomera, sinasunthe.
Ndikulemba m'buku, cholembera chikudumpha ndi maenje.
"Ili ngati mlamu wanga imeneyo,"
atero a Dzimbiri, akuzemba kabaza.

Pamlatho wa Lilongwe kukadali mbuu
koma msewu wadzaza kale miyendo.
Amayi a madengu a tomato ochokera ku Chinsapo,
mmisiri wa sowo pamapewa,
mtsikana wa yunifomu wanyamula nsapato m'manja
kuti fumbi lisafike naye ku ofesi ya eni.
Adzuka folo koloko
kuti hafu seveni iwapeze pachipata chimodzi
ndi wa ku Area 10, amene pano akutembenuza pilo.
Palibe nsanja yawanong'oneza.
Mtunda wawo amaudziwa ndi zidendene,
ndipo buku la ochedwa lili kwa mlonda
lilibe mzere wolembapo komwe wachokera.

Masana tili ku Likuni, dzuwa likuwotcha laputopu.
Tidutsa malire a nsanja ina, foni zisintha mwini,
ziyambanso kufunsa: ndili kutali bwanji ndi inu?
Funso limeneli zimafunsa tsiku lonse osachita manyazi.
Ine sindinalifunsepo.
Panali mawu amene ndinkasungira bambo anga,
ndinkati ndiwayamba mwezi ukatha, malipiro akalowa,
mtima ukatsika.
Ndinawayambadi pa nthawi yake, nthawi ya kwa ine,
osawerengera mtunda umene unakula pakati pathu
chichokereni pakhomo paja ndi chikwama chimodzi.
Anakafika ku Central bedi atayalula kale,
namwino akupinda bulangeti.

Foni yachinayi yatentha.
Ndaizimitsa, ndaiyatsa, ndaiyesanso pa Biwi,
pa Mchesi pomwe amakhoma mabokosi ndi mipando mbali imodzi.
Yachedwa ndi kachidutswa ka sekondi
koti ngakhale mbalame singakazindikire,
koma kwinakwake munthu akuti halo, halo,
akukweza foni kumwamba ngati akuopa madzi,
natukwana mitambo.

Madzulo mu ofesi mayi Nankhoma awerenga lipoti ataimirira.
Zinayi zakhoza. Imodzi ibwerere kwa eni ake.
Asayina, afunsa ngati mafuta atsala.

Panja a Dzimbiri akupukuta fumbi pagalasi ndi chipewa.
"Mawa nthawi yanji?"
Ndikuti sikisi, tikayambire ku Lumbadzi.
Akhala chete, milomo ikuyenda pang'ono,
akuchotsera minibasi ziwiri, mlatho, ndi matope a ku Kaliyeka.
"Ndiye ndidzuke hafu fili."
Ine ndimagona kuseri kwa ofesi, mphindi khumi wapansi.
Ndatsegula pakamwa kuti ndinene seveni,
koma alowa kale m'galimoto,
ndipo mawu anga awapeza atatseka chitseko.