Kuyambira Wani Mpaka Faifi

Anandipatsa vesiti yachikasu, tabuleti yong'aluka pakona
ndi mafunso khumi ndi anayi.
Akuti: kwera basi yoyamba yochokera ku Amadora,
uziwerenga mitu, wachisanu aliyense umufunse.
Usasankhe nkhope. Usamwetulire kwambiri,
mano ako angakometse yankho.

Mzinda wa Lisbon ukadali m'bulangete,
ife tili kale pa siteji, mpweya ukufuka m'kamwa.

Wachisanu woyamba anali Custódio, mmisiri womanga,
simenti ya dzulo ikadali m'zikhadabo.
Bambo, kuyambira wani mpaka faifi,
kodi basi imasunga nthawi?
Anandiyang'ana kuyambira kunsapato.
Nthawi ya ndani, anatero,
ya kampani ya basi kapena ya kapitawo wanga?
Pa tabuleti palibe kabokosi ka funso lobwezedwa.
Ndinadina fili, chala chikuchita manyazi.

Wachikhumi anali m'tulo,
chipumi chikugogoda galasi pa bampu iliyonse.
Sanakane kuyankha.
Ndinalemba kuti wakana, poti malo ake ndi omwewo.

Kenako Dona Ermelinda, wa sikafu yobiriwira,
amene amakolopa maofesi atatu
eni ake a mataye asanatsuke mano.
Ukhondo wa m'basi? Faifi.
Mipando? Faifi. Ulemu wa dalaivala? Faifi.
Ndinati mayi, taganizani kaye,
mpando mwakhalapowu watuluka siponji.
Anati mwana iwe, tsiku lonse ndimalithera choimirira.
Mphindi makumi anayi izi zokha
ndi zimene msana wanga umadziwa chotsamira,
palibe wondiitana, palibe ndowa.
Ukakanena zoipa adzandichotsera basi yanga.
Lemba faifi. Konse.

Pa siteji ina ya ku Benfica sitinaime,
tinali titathinana mpaka pachitseko.
Ndinaona pawindo mkono utakwezedwa,
mtsikana wa yunifomu ya kuchipatala,
mkulu wina pa njinga ya olumala, ambulera ili pamiyendo.
Mkono uja unatsika pang'onopang'ono
n'kulowa m'thumba la jekete.
Kafukufuku wathu ndi wa okwera.
Wotsala pa siteji sakhuta, sadandaula,
alibe mzere, alibe nambala,
amangochepa m'galasi la dalaivala mpaka kutha.

Lachisanu, pa nsanjika yachitatu,
Filipa Sequeira ankapeta mayankho pa kompyuta,
khofi atazizira pambali.
Si munthu woipa. Amandisungira bisiketi.
Amadziwa kulemeretsa yankho la mmodzi kuti liimire makumi,
amadziwa kuchuluka kwa anthu ofunika
kuti nambala isagwedezeke.
Anaima pa mzere wina.
Taona uyu, faifi, faifi, faifi mpaka pansi.
Wangodina kuti uchoke, sanaganize.
Oterewa timawachotsa, amadetsa zotsatira.

Ndinatsegula pakamwa.
Ndikanayambira pati, pa siponji kapena pa ndowa?
Batani linali litadinidwa kale.
Fili wanga uja, wonamizira Custódio,
anapyola bwinobwino, ali ndi nkhope ya munthu woganiza.

Inatuluka fili poyinti naini.
Anaijambula ngati mzati wabuluu, wamtali ndithu,
ndipo pansi, m'tizilembo tofuna magalasi,
analemba kuti ikhoza kuphonya pang'ono, uku kapena uku.

Lolemba ndinakweranso yomwe ija, wopanda vesiti,
ntchito inali ya masabata awiri.
Mvula inkawaza. Ku Benfica tinaima,
koma mtsikana uja panalibe.
Mwina anapeza njira ina, mwina ntchito inamuthera,
funso limenelo silinali pa khumi ndi anayi aja.

Dona Ermelinda anachotsa chikwama pampando
kuti ndikhale.
Unalemba?
Ndinati ndinalemba, mayi,
ndipo sindinaname.
Anagwedeza mutu, natseka maso,
natsamira pomwe patuluka siponji paja.
Ine ndinayamba kuwerenga mitu mosafuna,
wani, thuu, fili, folo,
wachisanu ndinali ine.