Nsungwi ya Penyani

Mvula yatsazika, Msandile waphwa,
miyala ija idamira mu Febuluwale
yaonetsa misana ngati ng'ombe zogona.

Ndabwera ndi nsungwi ya Penyani,
mkulu wanga wolondera sitolo ku Lusaka.
Nyongolotsi m'chitini,
mame akuluma zala.

Ankati: ponya pomwe madzi achita bii,
patsinde pa mkuyu.
Nsomba ya m'masika yakhuta ziwala,
ilibe changu, nawenso usakhale nacho.

Kabango kagwedera. Kangoti zii.
Kamira!
Mphende yonona, mamba waliwali,
yaphiriphitha m'mwamba kamodzi kokha,
ulusi thapu,
madzi atsekanso pakamwa.

Yatsala mfundo yake ija
kunsonga kwa nsungwi.
Madzulo ndimuimbira foni,
ndimuuza kuti inali ngati mkono wanga.
Aseka, afunsa ngati mkuyuwo ukadalipo.